Musanagule turbo yaikulu: mmene mungasankhire yoyenera galimoto yanu m'misewu ya ku Thyolo

Alamu anga anafika pagalaja Loweruka lina m'mawa atafungatira katoni ngati muli khanda. Anaiika pabenchi, n'kuitsegula pang'onopang'ono, maso ali pa ine kudikira kuti ndiyamikire. Munali turbo yonyezimira, chipangizo chokankhira mpweya wambiri m'injini, kukamwa kwake kolowa chibakera, ndipo wogulitsa anali atawauza kuti imafika 500 hp (horsepower, muyeso wa mphamvu ya injini). Galimoto yoti ilandire chinthu chimenechi inali Toyota Starlet Glanza V, kainjini ka 4E-FTE ka malita 1.3, kamene kanachoka kufakitale ndi mphamvu ya 135 hp komanso ka turbo kakang'ono ka CT9.

Ndinati, "Alamu, nsapato iyi ndi ya munthu wina."

Iwo anati, "Inu mangani basi alamu, zinazo tikaonera pamsewu."

Pamsewupo tinaonadi. Tikukwera kuchokera ku Luchenza kulowera ku Thyolo boma, m'makona a pakati pa minda ya tiyi, alamu anaponda moto mpaka pansi koma galimoto inangoti duu, ngati ikuganizira kaye. Minibasi yodzaza anthu ndi mikoko ya nthochi inatipitirira, kondakitala n'kutibayibitsa. Singano ya rev, yoonetsa maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi, itadutsa 5,500 m'pamene mphamvu yonse inabwera nthawi imodzi, matayala akutsogolo n'kuyamba kupala phula, pamene kona yotsatira inali itafika kale ndipo m'mbali mwa msewu munali amayi atasenza nkhuni. Tinabwerera pagalaja osayankhulana.

Malangizo ali m'munsiwa ndi amene ndinayenera kuwakakamiza alamu tisanamasule bawuti ngakhale imodzi. Muwatsate mmene ndawaikiramu, chifukwa turbo yeniyeniyo imasankhidwa mochedwa, zina zikadziwika.

1. Lembani nambala papepala, ndiponso kumene galimoto imayenda

Tengani cholembera. Lembani mphamvu imene galimoto ili nayo lero, ndi imene mukufuna. Osati "ikhale yothamanga kwambiri", nambala yeniyeni. Pansi pake mulembe ngati nambalayo ndi ya painjini kapena ya pamatayala, chifukwa giyabokosi ndi ma diff amadyako gawo lawo, ndipo galimoto yokoka ndi matayala onse anayi ngati Subaru imadya kuposa yokoka ndi akutsogolo okha. Makampani opanga turbo akalemba nambala, kawirikawiri amanena ya painjini.

Kenako funso limene anthu salikonda: galimotoyi imakhala kuti masiku ambiri? Ngati ndi pamsewu wa M2, kuchokera ku Limbe kudutsa Bvumbwe, Thyolo, Luchenza mpaka Mulanje ndi Muloza, onani singano ya rev tsiku limodzi lathunthu. Mupeza kuti nthawi yambiri imasewera pakati pa 2,000 ndi 4,500. Mumatuluka pakona, mumapitirira thirakitala yokoka masamba a tiyi, mumaima pa hampu, mumayambanso. Pamenepo m'pamene mukufuna mphamvu. Turbo imene imadzuka pa 5,500 ndi ya munthu wa mpikisano wa msewu wowongoka wotsekedwa, amene injini yake imakhala pamwamba nthawi zonse.

Langizo langa, limene ndibwereza m'njira zosiyanasiyana, ndi lakuti mugule turbo yaing'ono kwambiri mwa zimene zingakwanitse nambala yanu, yotsala ndi kampata pang'ono pamwamba. Kugula yaikulu poti "tsiku lina ndidzamanga injini" n'chimodzimodzi kugulira mwana wa sitandade 1 yunifomu ya ku sekondale. Adzakuladi, koma zaka zonsezi azipunthwa nayo.

2. Yezani injini musanaisenzetse katundu

Galimoto zathu zambiri zinabwera kuchokera ku Japan zitayenda kale, zinatsikira ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo makilomita amene ali pa dashibodi si onse amene amanena zoona. Choncho musakhulupirire nambala, yezani.

Injini itenthe, chotsani mapulagi onse, tsekulani thirotolo yonse, yezani compression ya silinda iliyonse, kutanthauza mmene ikupanikizira mpweya. Chofunika kwambiri n'chakuti masilinda afanane. Ina ikatsika kuposa 10 peresenti poyerekeza ndi zinzake, imani pomwepo. Ngati mungapeze choyezera cha leak-down, chimakuuzani kumene mpweya ukuthawira: mukaumva potsanulira oyilo ndi maring'i, mukaumva ku ekizozi kapena ku thirotolo ndi mavalavu, mukaona thovu m'radiyeta ndi gasiketi ya hedi. Yezaninso mphamvu ya oyilo ndi geji yeniyeni injini ili yotentha. Kanyali ka pa dashibodi kamayaka zinthu zitaipa kale.

Mukatero fufuzani malire a injini yanu isanatsegulidwe. Injini iliyonse ili ndi pofooka pake. Pa 4E-FTE ndi ma con-rod, timikono tolumikiza mapisitoni ku kirankishafiti, amene ndi owonda, ndipo amakaniko osamala sakonda kupitirira kwambiri 200 hp ndi a fakitale. Pa Subaru za EJ, mapisitoni amasweka pakati pa maring'i injini ikamagogoda. Turbo zina za fakitale za ku Japan, monga za Toyota 1JZ-GTE ndi Nissan RB26, zinali ndi gudumu la kumbuyo la ceramic, limene limathothoka boost, mphamvu ya mpweya umene turbo ikukankha, ikakwezedwa kwambiri. Nambala yanu ya pa sitepe yoyamba ikaposa malire a injini, muli ndi njira ziwiri: kutsitsa nambala, kapena kuyamba ndi mapisitoni ndi ma con-rod olimba. Turbo idikire.

3. Petulo amene mumathira ndiye mfumu

Apa m'pamene maloto ambiri a pa intaneti amathera. Galimoto za turbo zopangidwira msika wa ku Japan zinakonzedwa kuti zizimwa petulo wa octane (muyeso wa mmene petulo amapiririra osaphulika yekha) yapamwamba, wa m'ma 98 mpaka 100. Munthu amene mukumuonera pa YouTube akukweza boost mpaka 1.8 bar amathira petulo wotere kapena E85, amene ndi ethanol wambiri wosakaniza ndi petulo pang'ono. Inu muthira amene ali pa pampu ya pa Thyolo, ndipo mafuta akasowa, tonse tikudziwa kumene timathera: kwa anyamata a zigubu, kumene sudziwa ngati mwathiridwa parafini.

Petulo wa octane yochepa akapanikizidwa ndi mpweya wotentha amaphulika yekha nthawi isanakwane. Mumamva ngati timiyala tikugubuduka m'chitini mukaponda moto pamtunda. Kameneko si kaphokoso wamba, ndi nyundo imene ikumenya pisitoni. Masekondi ochepa pa boost yaikulu, mawa mumva kuti injini yanoka.

Kumbukiraninso kuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo zimenezi zinayamba mu 1982. Ethanol amathandiza pang'ono kuletsa kugogoda, koma amafuna kuti injini imwe mafuta ochulukirapo kuti mphamvu ifanane. Posankha ma injector, amene amapopera petulo m'injini, ndi pampu ya petulo musiye mpata wa zimenezi. Ndipo dziikireni lamulo: tsiku limene mwathira za m'zigubu, phazi likhale lopepuka mpaka thanki imeneyo ithe.

4. Masamu pang'ono, kenako mapu a turbo

Musathawe, ndi masamu a sitandade 8.

Turbo sipanga mphamvu. Imangokankhira mpweya m'injini, ndipo mpweya wochuluka ukakumana ndi petulo wochuluka m'pamene mphamvu imabadwa. Opanga turbo amayeza mpweyawu ndi lb/min (mapaundi a mpweya pa mphindi), ndipo lamulo losavuta ndi lakuti 1 lb/min imapereka pafupifupi 10 hp painjini ya petulo. Mukufuna 300 hp, mukufunika 30 lb/min. Mukufuna 190 hp pa Starlet, mukufunika 19 lb/min. Turbo ya alamu inali ya 50 lb/min. Mwaona kumene tinalakwitsa.

Chachiwiri ndi pressure ratio. Mumatenga boost imene mukufuna, kuphatikiza ndi mphamvu ya mpweya wa panja, n'kugawa ndi mphamvu ya mpweya wa panja womwewo. Kugombe la nyanja yamchere, monga ku Beira, mpweya wa panja ndi pafupifupi 1.0 bar, choncho boost ya 1 bar imapereka 2.0. Koma ife sitikhala ku Beira. Pamalo okwera mamita pafupifupi 1,000, ngati chigawo cha Bvumbwe ndi Limbe, mpweya wa panja umatsika kufika pafupifupi 0.9 bar. Boost yomweyo ya 1 bar imakhala 1.9 kugawa ndi 0.9, zimene ndi 2.1. Tanthauzo lake n'lakuti turbo imazungulira kwambiri kuno kuti ipereke zimene ikanapereka mosavuta kunyanja, imatenthetsa mpweya kwambiri, ndiponso imachedwerapo kudzuka. Turbo imene mnzanu wa ku Durban amati imadzuka msanga, kuno ichita kaulesi pang'ono.

Tiyeni titenge injini ya malita 2.0, ngati EJ20 ya Subaru kapena 4G63 ya Lancer Evolution. Pa 6,500 rpm, ikamadzaza masilinda ake 90 peresenti, imameza malita pafupifupi 5,850 a mpweya pa mphindi. Ndi boost ya 1 bar pamalo okwera ngati athuwa, mpweya utazizira kufika madigiri 50, zimenezi ndi pafupifupi 26 lb/min, kapena kuti 260 hp. Kuti mufike 300 mukufunika boost ya pafupifupi 1.25 bar, ndipo pressure ratio ikhala 2.4. Onjezerani pang'ono chifukwa sefa ya mpweya ndi intercooler (choziziritsa mpweya wochokera m'turbo) zimadyako, munene kuti 2.5.

Tsopano muli ndi manambala awiri, 30 ndi 2.5. Pitani pa tsamba la kampani yopanga turbo imene mukuifuna mukapeze compressor map yake. Garrett ndi BorgWarner amaika mapu awo poyera. Mapuwa amaoneka ngati chithunzi cha phiri la Mulanje lojambulidwa kuchokera kumwamba, mizere yozungulirazungulira yokhala ndi nsonga pakati. Pansi pali mpweya, kumanzere pali pressure ratio. Ikani kadontho pamene 30 ndi 2.5 zakumana.

Kadonthoko kagwere mkati mwa mizere, chakumanja kwa pakati koma osafika m'mphepete. Pakati penipeni turbo zabwino zimagwira ntchito bwino ndi 75 peresenti kapena kuposerapo. Kakatulukira kumanja, turbo yachepa, ikungopuma mpweya wotentha. Koma musalekere pa kadontho kamodzi. Werengeraninso pa rev imene mukufuna boost yonse ikhale itafika, tinene 3,500. Pamenepo injini ikumeza pang'ono kupitirira theka la mpweya uja, pafupifupi 16 lb/min, pa pressure ratio yomweyo. Kadontho kachiwirika kakagwera kumanzere kwa mzere wotchedwa surge, turbo yakula. Ikukankha mpweya woposa umene injini ingameze, mpweyawo n'kumabwerera m'mbuyo kukamenya timapiko ta gudumu la turbo. Phokoso la "tu-tu-tu" limene anyamata amalikonda pa Chitakale, likamamveka phazi lili pamoto, ndi bearing imene ikulira.

Turbo imene mulibe mapu ake, ndipo wogulitsa akungoti "iyi ndi T3/T4, imakwana paliponse", mukugula mphaka m'thumba.

5. Mbali yotentha, imene anthu saiyang'ana

Aliyense amasirira mbali yonyezimira ya aluminiyamu. Koma khalidwe la galimoto pamsewu limachokera kumbuyo, ku chigoba chachitsulo chooneka ngati cha nkhono, kumene utsi umadutsa. Pachigobapo pamalembedwa nambala ya A/R, yosonyeza kukula kwa njira ya utsi, monga 0.64 kapena 0.86. Pa turbo za Mitsubishi amalemba ndi masentimita, monga 6, 7 kapena 8 cm².

Ganizirani paipi ya madzi yothirira dimba. Mukatsina kukamwa kwake madzi amathamanga kwambiri koma amatuluka ochepa. A/R yaing'ono imathamangitsa utsi, turbo imadzuka msanga, koma pa rev yapamwamba utsi umapanikizana, kutentha kumabwerera m'silinda ndipo mphamvu imaphwa. A/R yaikulu imapuma bwino pamwamba koma imagona pansi. Turbo imodzi yomweyo, monga Garrett GT2860RS, imapezeka ndi 0.64 komanso 0.86, ndipo pa injini ya malita 1.8 kapena 2.0 yoyenda m'makona a kuno ine ndingatenge 0.64 osaganiza kawiri.

Mudzamvanso za twin-scroll. Chigoba chake chili ndi njira ziwiri kuti utsi wa masilinda usamalimbane, ndipo imadzuka msanga ndithu, koma pokhapokha manifold, mapaipi otengera utsi kuchoka m'masilinda kupita ku turbo, nayonso ikhale yogawidwa moyenera: pa injini ya masilinda anayi yoyaka 1-3-4-2, silinda 1 ndi 4 njira imodzi, 2 ndi 3 njira ina. Pa manifold wamba, ndalama ya twin-scroll mwataya.

Za ball bearing ndi journal bearing, mitundu iwiri ya pamene shafiti ya turbo imazungulirapo, sindichulutsa. Ya ball bearing imadzuka msangako ndipo ndi yodula, koma ikawonongeka mumasintha pakati ponse. Ya journal bearing ndi yotsika mtengo ndipo zida zoikonzera zimapezeka. Kwa munthu wa ku Thyolo amene sipeya amaidikira milungu kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Wina adzakuuzani kuti muzule turbo pa Hilux ya D-4D kapena pa lole ya pa sikirapu. Turbo za dizilo za timapiko tosuntha zinapangidwira utsi wozizirirapo. Utsi wa petulo pa boost umafika madigiri 900 ndi kupitirira, ndipo timapiko tija timakakamira. Holset HX35 ya pa injini ya Cummins ya malita 5.9 anthu amaimangadi pa galimoto za petulo ndipo ndi yolimba, koma pa injini yaing'ono mubwerera ku nkhani ya alamu.

6. Onani kaye ngati m'banja mwake mulibe yokwana kale

Nthawi zambiri turbo yoyenera ili pa mkulu wake wa galimoto yanu. Pa Subaru WRX ya TD04L, anthu amasamukira ku IHI ya STI monga VF34 kapena ku TD05-16G, zimene zimakhala pamalo omwewo popanda kuwotcherera zambiri. Pa Golf 5 GTI amachoka pa K03 kupita ku K04. Pa Golf 7 GTI amachotsa IS20 n'kuika IS38 ya Golf R. Ndipo TD04L imene mwini Subaru wataya ndi imene a Starlet amaifuna, ngakhale apa pamafunika manifold ina ndi downpipe ina, paipi yochotsa utsi pa turbo.

Ubwino wake ndi wakuti njira imeneyi inapondedwa kale ndi anthu ambiri, ndipo wokonza kompyuta akudziwa poyambira. Mukasankha turbo yochokera kwina, yezani zonse ndi tepi musanalipire: mtundu wa flange, pamene turbo imamangidwira ku manifold, kaya T25, T3, T4 kapena V-band, mpata wa pakati pa turbo ndi radiyeta, kumene paipi ya oyilo idutse, ndiponso ngati bonati itsekeka. Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, ndipo zida zopangidwira msika wa ku America nthawi zina zimagundana ndi shafiti ya chiwongolero kapena master ya mabuleki. Funsani zimenezi musanatumize ndalama.

7. Werengani alendo amene turbo ibwere nawo

Turbo ili ngati mkwatibwi, sibwera yokha. Ine ndimawerengera kuti mtengo wa turbo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yonse. Ngati muli ndi ya turbo yokha, simunakonzeke.

Ma injector: pa 300 hp ndi masilinda anayi mukufunika a pafupifupi 600 cc, kuti asamagwire ntchito kupitirira 80 kapena 85 peresenti. Pampu ya m'thanki ya malita 255 pa ola imakwanira mphamvu zotere, koma isefe yake ikhale yatsopano ndipo mawaya ake akhale abwino. Intercooler si chokongoletsera. Mpweya wa madigiri 30 ukapanikizidwa kufika 2.1 umatuluka m'turbo utapitirira madigiri 120. Ya pamwamba pa injini ngati ya Subaru imatentha mukaima nthawi yaitali, monga pamzere wa mafuta mu Okutobala, choncho musachoke pamenepo n'kuponda moto nthawi yomweyo. Ya kutsogolo ndi yabwino, koma yaikulu mopitirira imatchinga radiyeta, ndipo mudzaziona pokwera mtunda wautali masana.

Downpipe ndi ekizozi zikhale zopuma bwino. Wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi kuti boost isapitirire, ikhale yokwanira, chifukwa ikachepa boost imangokwera yokha ngakhale mwaiikira malire. Mapulagi akhale ozizirirapo sitepe imodzi, mpata wake wochepetsedwa kufika pafupifupi 0.7 mm. Kilatchi ya fakitale iyamba kutsetsereka pa giya yachinayi, ndipo ngati muli ndi giyabokosi ya DSG kapena ya otomatiki, nayo ili ndi malire ake.

Za sefa ya mpweya ndiime pang'ono. Fumbi lofiira la m'misewu ya m'maesiteti mu Seputembala limadya timapiko ta turbo ngati sandipepa. Kasefa kotseguka kooneka ngati chipewa, kamene kamangokhala pafupi ndi injini, kamakoka mpweya wotentha ndi fumbi lomwe. Kukatsitsira pansi pa bampa nakonso n'koopsa ndi mvula ya ku Mulanje, chifukwa chithaphwi chimodzi chakuya chikwanira kumwetsa injini madzi. Bokosi la fakitale lokhala ndi sefa yabwino limaposa zonsezi pa mphamvu zapakatikati.

Mabuleki ndi matayala ndinayenera kuziika poyamba penipeni. Msewu wathu ndi wa akabaza, ana asukulu, othyola tiyi ndi misika ya m'mbali mwa phula. Uzaninso a inshuwalansi kuti galimoto yasinthidwa, ndipo ikhale yoti ikapita kokayezetsa COF ku Road Traffic siikukana.

8. Kugula: yatsopano, yabodza, ndi yakale

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Turbo zabodza zolembedwa mayina a makampani otchuka zilipo zambiri, ndipo kunja zimaoneka bwino kuposa zenizeni. Shafiti ya turbo imazungulira kupitirira maulendo 150,000 pa mphindi. Gudumu losalinganizidwa bwino pa liwiro limenelo limasweka, ndipo zidutswa zake zimathera m'intercooler kapena m'silinda. Mtengo ukakhala theka la umene ogulitsa ovomerezeka akutchula, dziwani kuti pali chifukwa. Pemphani chithunzi cha kachitsulo kolembedwa part number ndi serial number, muyerekeze ndi za pa tsamba la kampani. Musaiwale kuwerengera ndalama yotumizira ndi msonkho wa ku MRA.

Ine ndingasankhe turbo yeniyeni yakale ya Mitsubishi kapena IHI kusiyana ndi yatsopano yopanda dzina. Koma yakaleyo muiyeze ndi manja anu. Gwirani nati ya pakati pa gudumu ndi zala ziwiri. Igwedezeni cham'mbali: pa journal bearing youma kusewera pang'ono kulipo ndithu, koma timapiko tisakhudze chigoba. Ikokeni ndi kuikankha motsata shafiti: apa pasakhale kusewera kumene chala chingamve. Izungulitseni, iyende mosalala popanda kukhwekhwereza. Unikani ndi tochi ya foni, muone ngati timapiko tabenthuka kapena tapindika, ndiponso ngati mkati mwa chigoba muli mikwingwirima yonyezimira. Tembenuzani, muyang'ane ming'alu pa bowo la wastegate. Ka mng'alu kakang'ono pamenepo n'kofala pa turbo zakale, koma kakafika poti chitseko sichitseka bwino, boost izichedwa. Pomaliza suzumirani m'bowo lolowera oyilo. Mukaona makala akuda owuma, mwini wake ankazimitsa injini ili yotentha kapena ankachedwa kusintha oyilo.

Ngati turbo yanu yakale inafa, musamange ina musanadziwe chinaipha. Kawirikawiri si turbo yokha imene imalakwa. Ndi oyilo wosafika, oyilo wakuda, kapena kanthu kamene kanalowa kutsogolo. Pa Subaru zina muli kasefa kakang'ono mkati mwa banjo bolt ya paipi ya oyilo, kamene kakatsekeka kamapha turbo ina iliyonse imene muikepo.

9. Tsiku lomanga ndi masiku otsatira

Paipi yobweretsa oyilo ikhale yatsopano. Ngati turbo ndi ya ball bearing, imafuna restrictor yochepetsa oyilo wolowa, ya bowo la pafupifupi 1 mm, koma tsatirani zimene opanga alemba. Paipi yobwezera oyilo ikhale yaikulu, yotsetsereka molunjika pansi, yosapindika, ndipo ilowe m'sampu pamwamba pa pamene oyilo amalekezera. Oyilo ameneyu amatsika yekha popanda chomukankha. Akachedwa kutuluka amadzaza pakati pa turbo n'kutulukira ku ekizozi, inu n'kumati turbo yatsopano ikufuka. Silikoni musamuyandikitse pa magasiketi a oyilo, kachidutswa kake kamodzi katseka njira.

Thirani oyilo watsopano ndi sefa yatsopano. Musanalumikize paipi, thirani oyilo pang'ono m'bowo la turbo n'kuzungulitsa gudumu ndi chala. Zulani fyuzi ya pampu ya petulo, zungulitsani injini ndi sitata mpaka nyali ya oyilo izime, kenako mubwezere fyuziyo muilize. Isiyeni ilire yokha mphindi zingapo mukuyang'ana podontha. Mukaizimitsa, tsekani kukamwa kwa turbo ndi chotsekera chokhala ndi valavu ya tayala, popani mpweya pang'ono, mupake madzi a sopo pa majoini onse. Pamene patuluke thovu m'pamene boost yanu ikanathawira. Kutani ndi chotchinga kutentha mapaipi a mabuleki ndi mawaya oyandikana ndi mbali yotentha.

Ndiyeno lamulo limene anthu amaliswa tsiku loyamba lomwelo: osaponda boost kompyuta ya galimoto isanakonzedwe. Kompyuta ya fakitale sidziwa kuti mwasintha turbo ndi ma injector. Pezani wokonza kompyuta musanagule n'komwe turbo, mumufunse ngati amaidziwa kompyuta (ECU) ya galimoto yanu kapena pafunika ina yapadera, ndipo akonze ndi petulo yemweyo amene mumathira masiku onse. Pulogalamu yotumizidwa pa WhatsApp yopangidwira galimoto ya ku England si yanu. Mangani geji ya boost ndi ya wideband, yoonetsa mmene mpweya ndi petulo zikusakanizikira. Pa boost yonse, injini ya petulo imafuna magawo pafupifupi 11.5 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, kapena 0.78 mpaka 0.80 ngati geji ikuwerenga mu lambda. Mukaona 13 phazi lili pansi, chotsani phazi. Yambani ndi boost ya sipuling'i ya wastegate yokha, muzikweza pang'onopang'ono, khutu lili kuinjini. M'mawa wa chiperoni mpweya umakhala wozizira ndi wolemera, galimoto imakoka bwino ndipo boost ingadumphe pang'ono, choncho wokonzayo asiye mpata wa masiku otere komanso wa masana otentha a mu Novembala.

Mukathamanga kapena mukakwera mtunda, makilomita omaliza muyende mofatsa, kapena muisiye ilire mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse. Oyilo akhale wa synthetic, ndipo ine pa galimoto zotere sindidutsa makilomita 5,000.

Starlet ya alamu tinaimasula sabata yotsatira. Tinapeza TD04L yochotsedwa pa Subaru, tinaiyeza ndi zala monga ndafotokozera, tinapangitsa manifold ina, tinaika pampu, ma injector ndi kilatchi, ndipo boost tinaisiya pansi pa 1 bar poopa ma con-rod aja. Tsopano imayamba kukoka singano isanafike patali ndi 3,000, ndipo mtunda wa ku Luchenza uja imaukwera pa giya yachitatu osapempha yachiwiri. Turbo yonyezimira ija ikadali pashelefu yapamwamba m'galaja, ndinaitseka kukamwa ndi nsanza chifukwa mavu anali atayamba kumangamo. Alamu akabwera amaiyang'ana kaye, n'kufunsa ngati sindinamve za munthu wa injini ya malita atatu amene akuifuna.